Kuseri kwa baji ya a Bryson

Tisunge analowa m'shopu mwanga Lachisanu masana osapereka moni. Mwana woleredwa bwino ngati ameneyo akaiwala moni, dziwani kuti kwagwa chinthu. Ndinachotsa phazi pa makina osokera, buluku la eni ake lili pakati pa msoko.

"Ankolo, andisuspenda."

"Khala pansi kaye. Wakususpenda ndani?"

"A ku agency, amene anandilemba ntchito. Akuti ndaba kwa a Bryson."

Ine ndine Eneya Gwanda, telala. Ndinasoka pakhonde ku Limbe zaka makumi awiri ndisanatsatire mkazi wanga, malemu Mable, amene anadzagwira unesi kuno ku Glasgow. Lero ndimapinda mabuluku ndi kusintha mazipi m'kachipinda ka ku Govanhill. Tisunge ndi mtsikana wa ku Ntcheu, timapemphera mpingo umodzi. Anabwera zaka ziwiri zapitazo kudzasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo mmodzi mwa okalambawo ndi a Bryson a ku Dennistoun, mnzanga wakalekale.

"Akuti waba chiyani?"

"Baji. Kansalu kakang'ono chonchi, ankolo! Mwa mabaji aja ali m'felemu pabalaza. Mwana wawo Leonard wabwera kuchokera ku Aberdeen, akufuna kuwapititsa adadi ake ku care home, kosungira okalamba, ndiye akugulitsa katundu. Anaitana a Brown, ogula zinthu zakale, kuti adzaone. A Brown akuti baji imodzi ndi feki, yeniyeni inachotsedwa. Leonard akuti palibe wina amatsala yekha ndi adadi ake koma ine."

"Zafika kupolisi?"

"Akuti Lolemba. Akangopitako, a ku agency andichotsa. Akandichotsa, visa yanga yathera pomwepo, poti sponsor wanga ndi iwowo. Ndikawauza chiyani amayi kumudzi? Kuti andibweza chifukwa chakuba kansalu?"

Apa misozi inamupambana. Ndinamupatsa chidutswa cha nsalu kuti apukute, kenako ndinamufunsa kuti ndi baji iti.

"Ya nangula. Koma onse ndi a nangula, ankolo, ine ndingadziwe bwanji?"

Yankho limenelo linandikwanira. Wakuba amadziwa chimene akuba.

A Bryson ndinadziwana nawo mu 2009, atabwera ndi jekete long'ambika m'khwapa. Anali atapuma ntchito yowotcherera zitsulo kopangira sitima m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Bambo awo ali wachinyamata ankaperekera katundu ku sitima zankhondo za Majeremani zimene zinasungidwa ku Orkney nkhondo yoyamba itatha. Amalinyero achijeremaniwo, chibaba cha fodya chitawagwira, ankamatula mabaji pa malaya awo n'kusinthanitsa ndi ndudu kapena sopo. Kabokosi ka mabaji amenewo ndiko kanali chuma cha masiye cha a Bryson, ndipo iwo anawonjezerapo moyo wawo wonse.

"Eneya," ankatero, "mkono wa malaya a mlinyero ndi kalata. Phunzira kuwerenga."

Ndinaphunzira. Nangula yekha, ndiye kuti mwini wake anali kapitawo wa zingwe, pamwamba pa sitima. Mbendera ziwiri zopingasa pa nangula, kapitawo wa mauthenga. Giya, kagudumu ka mano kaja, wa ku injini. Pamwamba pa nangula pakakhala chisoti chachifumu, ndiye kuti munthuyo anakwezedwa, ndi kapitawo wamkulu. Ulusi wachikasu pa nsalu yabuluu unali wa malaya abuluu, wabuluu pa nsalu yoyera wa malaya oyera. Za nkhondo yachiwiri, zokhala ndi chiwombankhanga, sankazilola ngakhale pakhomo.

Loweruka lililonse ndinkakwera sitima yapamtunda kupita kwawo. Iwo amandiuza za maudindo, ine ndimawauza za masokedwe, tiyi akuzizira m'makapu osamwedwa. Ndimawalakalaka masiku amenewo, sindibisa. M'dziko lino anali munthu woyamba kundifunsa nzeru m'malo mondifunsa mtengo. Ndipo felemu imene Tisunge ankanena ndinaikonza ndine mu 2017. Mabaji makumi atatu anagona kunyumba kwanga sabata ziwiri ndikuwayala pa nsalu.

Ndinatseka shopu dzuwa likanalipo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

*

Kwa a Bryson, Leonard anatsegula chitseko theka. Ndi munthu wa zaka za m'ma fifite, wamaso otopa, wolankhula mawu ochepa ngati amalipira pa liwu lililonse.

"Mr Gwanda. Ngati mwabwera kudzamupepesera, musavutike."

"Ndabwera kudzaona mnzanga."

Pakhoma la pabalaza panali chigamba choyera pamene panakhala felemu zaka zonsezi. A Bryson anali pampando wawo pawindo, atavala juzi yachikasu, maso ali kutali.

"Baji yake ndi iti?" ndinafunsa.

"Yapamwamba pakati. Chisoti, nangula ndi giya. Yochokera kwa agogo anga. Ndili ndi chithunzi chake cha 2016, ndipo a Brown ayerekeza. Si yomweyo."

"Umboni woti ndi Tisunge?"

"Ali ndi kiyi. Amabwera katatu patsiku. Mwezi watha ndinamupeza ndi singano ndi ulusi wachikasu m'manja."

"Amasoka chiyani?"

"Akuti batani la juzi ya bambo anga."

Ndinagwada pamaso pa a Bryson n'kugwira batani lachitatu. Linali kulendewera ngati dzino la mwana lofuna kuguluka, ulusi utapiringizana, mfundo ili kunja. Ndinachita manyazi m'malo mwa a ku Ntcheu onse.

"Amene anasoka batani ili sangapete nangula," ndinatero. "Ngakhale mutamupatsa chaka."

"Ndiye anapatsa wina. Anthu inu mumadziwana nonse." Atanena anayang'ana pansi, koma mawu anali atatuluka kale. "Lolemba m'mawa ndikupita kupolisi."

A Bryson anandigwira dzanja. "Mtsikana uja ali kuti? Uyu satha kuphika phala." Anandiyang'anitsitsa, nkhope yawo n'kuwala pang'ono. "Eneya! Wabwera ndi Mable?"

Mable anamwalira mu 2021, ndipo a Bryson anali nawo pamaliro atavala jekete lija ndinawasokera.

"Ali kuntchito," ndinayankha.

*

Loweruka m'mawa ndinawapeza a Brown pa benchi lawo ku msika wa Barras, pakati pa zipewa zachitsulo ndi mamendulo. Ndi bambo wonenepa, wachipewa chaubweya, amene akayamba kulankhula sapumira.

"Eya, ndinu telala uja! Mkulu Bryson ankakutamandani mpaka makutu kuwawa. Zaka makumi anayi ndili pa ntchito ino, bwanawe, mafeki ndawaona a mitundu yonse. Ena amawaviika m'tiyi kuti aoneke akale. Ena amawakwirira m'dimba mwezi wathunthu. Koma iyi ndi ina. Amene anapeta iyi sanaipete ndi dyera. Anaikonda."

Anatulutsa felemu pansi pa benchi, kumbuyo kwake kuli kotsegula. Anayatsa katochi ka kuwala kwa buluu n'kuyendetsa pa mzere wapamwamba. Mabaji onse anangoti zii, koma yapakati ulusi wake unawala mbee.

"Mwaona? Ulusi wa nthawi ya Kaiza, mfumu ya Majeremani, suwala. Uwu ndi wa dzulodzuloli. Nsalu yokha ndi ubweya weniweni, n'chifukwa chake ndi maso okha simungaigwire. Ndipo chisoti chatambalala pang'ono kuposa cha pachithunzi."

"Felemuyi anatsegula ndani?"

"Ine, ndi kampeni kanga aka, Leonard akuona."

"Pepala lomata kumbuyo linali bwanji?"

"Louma, longothetheka lokha. Timisomali tonse tadzimbiri, tiwiri tinathyoka pozu..." Anaima pakati pa mawu, chinthu chimene ndikukhulupirira sichinawachitikirepo. "Och."

"Nyamulani bajiyo," ndinatero.

Pansi pake nsalu ya m'felemu inali yofiira bwinobwino, pamene ponseponse inali itasuluka ndi dzuwa. Chithunzithunzi chofiiracho chinafanana ndendende ndi baji yabodzayo, mpaka m'makona.

"Ndiye kuti yakhala pamenepa zaka zambiri," anatero a Brown, mawu atatsika. "Mtsikanayo asanabwere n'komwe. Palibe anatsegula chitsekereni. Anatseka ndani?"

"Ine."

Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinawapempha kuti andipatse bajiyo m'manja.

Wosoka aliyense ali ndi siginecha yake, ndipo siikhala kutsogolo. Ikhala kuseri, pamene ulusi wathera. Ena amamanga mfundo, ena amangodula n'kusiya. Ndinatembenuza. Panalibe mfundo ngakhale imodzi. Ulusi uliwonse unalowa pansi pa misoko itatu, n'kutsekedwa ndi kamtanda kakang'ono ngati njere ya therere yogawa pawiri.

Kamtanda kameneko, ka Mable, ndinakavala kuseri kwa kolala yanga zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

"Mwadwala?" anafunsa a Brown. "Khalani pansi, bwanawe."

*

Mayi Fanny amakhala ku Pollokshields kwa mwana wawo. Iwo ndi Mable anali chala ndi mkanda kuyambira kusukulu ya unesi mpaka ku Mvano wa kuno. Ndinawapeza masana akusenda mbatata. Nditaika baji ija, imene a Brown anandibwereka, patebulo chagada, mpeni unaima.

"Alamu, mumwa tiyi? Kuli kuzizira lero. Mwana wangayu anagula masamba ena ake onunkhira..."

"Alamu," ndinatero.

"Ndinalumbira kwa Mable, inu."

"Mwana wa eni akubwezedwa kumudzi ndi dzina la wakuba. Lolemba."

Anapukuta manja pa chitenje nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi.

"Inu munali kushopu. Timabaji tija tinali patebulo lanu. Kameneka kanali ndi banga, ndiponso kamanunkha mankhwala a njenjete. Mumamudziwa Mable, chinthu chakuda m'nyumba mwake chinali ngati chomutukwana. Anakachapa m'beseni bwinobwino, osafikisa, n'kukayanika. Mpaka pamenepo palibe chinalakwika. Koma chochapa chilichonse kwa Mable chimayenera kulawa simbi."

Ndinatseka maso. Masokosi, matawulo, mipango, ngakhale zamkati, Mable ankasita zonse. Ali nesi ku Blantyre anafinya mphutsi zambiri pamisana ya makanda ovekedwa zovala zosasita, zimene ntchentche zinaikira mazira zili pachingwe. Ndinamuuza kambirimbiri kuti ku Glasgow ntchentche zimenezo kulibe, kuzizira kwake sizingapirire. Ankavomera ndi pakamwa, dzanja lili pa simbi.

"Foni inalira," anapitiriza Mayi Fanny. "Anali a kuchipatala, za shift. Pobwerera anapeza utsi. Anafika kuno akunjenjemera, alamu, ine mpaka kuganiza kuti kumudzi kwagwa zovuta. Ndinati kawauze abambo. Akuti ayi, a Bryson ndi mnzawo mmodzi yekhayo m'dziko muno, ndipo telala amadya dzina lake. Ulusi ndinamupatsa ine, wotsala pa mbendera ya Mvano. Nsalu anadula kumpendero kwa chikhoti chake chakale. Masiku anayi amapeta m'chipinda changa, akuonera yopsayo. Chisoti chinali chitapsa kwambiri, ndiye anangoganizira."

Pamenepo ndinakumbukira tsiku limene ndinkamaliza felemu. Msana unkandipweteka. Mable anabwera ndi singano yake n'kunena kuti, "Mwatopa, bambo, mzere wapamwambawu ndimalize ine." Ndinamuthokoza. Ndinapita kukagona pasofa ndikudzitama kuti ndinakwatira bwino.

"Yopsayo ili kuti?"

"Mable kutaya chinthu? Kaoneni m'chitini chake." Anandigwira mkono. "Koma alamu, musamuulule. Munthu anagona kale. Mpingo wonse umamutchula ndi ulemu, atsikana a Mvano amauzidwa kuti akhale ngati Mayi Gwanda. Auzeni azunguwo za pepala ndi misomali basi. Mwina aziti mkuluyo anagula feki yekha osadziwa."

"Ali ndi chithunzi cha yeniyeni. Aziti Tisunge anapeza wodziwa kumata."

"Ndiye nenani kuti munawotcha ndinu."

"Ndi dzanja ili? Ine kupeta sinditha, alamu. Angondipatsa singano n'kundigwira bodza, mlandu n'kubwerera kwa mwanayo."

Mayi Fanny anatola mpeni n'kupitiriza kusenda mbatata imene inali yosendasenda kale.

*

Chitini cha mabisiketi chimene Mable ankasungiramo zosokera ndinali ndisanachitsegule chimwalirireni iye. Chinali pamwamba pa wadirobu, pomwe anachisiya. Nditachotsa chivundikiro, fungo la mafuta amene ankadzola m'manja linandilandira ngati wangotuluka kumene. Mabatani, tepi yoyezera, masizasi aja ankandiletsa kudulira mapepala. Pansi penipeni panali kampango kopindidwa kanayi, kosita bwino.

M'katimo munali baji ya agogo ake a Leonard. Nangula ndi giya zinali zooneka, koma pa chisoti panadinda nsonga ya simbi, yakuda bii.

Ndinamukwiyira Mable, ndikuvomera. Zaka zinayi anadya nane mbale imodzi, n'kumapita nane kwa a Bryson pa Khirisimasi, kukhala pansi pa felemu ija akumwa tiyi, osanena kanthu. Kenako ndinaseka ndekha ngati wamisala, poganiza kuti baji inapulumuka nkhondo ndi nyanja koma sinapulumuke ukhondo wa mkazi wanga. Kuseka kutatha ndinalira, chifukwa ndikanapereka shopu yonse kuti abwere adzandisitirenso masokosi kamodzi kokha.

Akuluakulu amati mlandu suwola. Uwu unadikira zaka zisanu ndi zitatu, n'kukagwera mwana amene anali asanakwerepo ndege pamene unkapalamulidwa.

*

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinamutenga Tisunge kupita ku Dennistoun. Sindinamuuze kanthu m'njira. Leonard atamuona anafuna kutseka chitseko, koma ndinatambasula kampango m'dzanja langa.

Ndinayala mabaji awiriwo patebulo la pabalaza, yopsa ndi yabodza, n'kufotokoza zonse: beseni, simbi, foni, masiku anayi kwa Mayi Fanny. Ndinatchula dzina la Mable katatu. Leonard anatulutsa chithunzi chake n'kuyerekeza ndi yopsayo. Kabanga ka pafupi ndi giya kanali kakuonekabe pang'ono.

"Ndiye kuti zaka zonsezi," anatero pang'onopang'ono, "bambo anga akhala akuonetsa alendo chinthu chabodza, chopangidwa m'nyumba ya mnzawo."

"Inde."

"Inu simunadziwe?"

"Ndadziwa dzulo. Koma felemu ndinatseka ndine."

Leonard anatenga foni n'kulembera a ku agency ife tikuona, n'kumuonetsa Tisunge zimene walemba. Anamupepesa ndi mawu atatu kapena anayi, maso ali pa kapeti. Kwa ine anatembenuka ndi nkhope ina.

"Mr Gwanda, mwachita bwino kunena. Koma ndikuona kuti ndi bwino musabwerenso."

Ndinavomera. M'malo mwake nanenso ndikanatero.

Nthawi yonseyi a Bryson anali atatambasula dzanja. Tisunge, amene amawadziwa kuposa tonse, anatola baji yopsayo n'kuwaikira m'manja. Anaiyandikiza kumaso, chala chikuyenda pa nangula, pa giya, n'kukaima pa chipsera.

"Kapitawo wamkulu," anatero. "Wa ku injini. Wapsa." Anagwedeza mutu mokhutira. "Eya. A ku injini amapsa."

Ndinawagwira phewa potsanzika, koma maso awo anali atabwerera pawindo.

Tikutsika masitepe, Tisunge anaima pakati n'kundigwira malaya.

"Ankolo, mwawaululiranji amayi Mable? Mawa mpingo wonse udziwa. Ndipo anzanu aja simudzawaonanso."

"Tiye, sitima itisiya."

"Ayi, ndiyankheni."

"Mayi ako Mable ali m'dothi la Glasgow, mwanawe. Palibe angawakweze ndege." Ndinamuchotsa dzanja pa malaya anga. "Iwe mawa ulawirire. Mkuluyo wakhala masiku atatu osadya phala labwino."